Matenda akabuka: momwe mungayendetsere uthenga wa bungwe la zaumoyo kuyambira ola loyamba

Foni yake imakonda kulira mukutseka kompyuta. Mnzanu wa ku nthambi yolondoloza matenda akuti labotale yatsimikiza, magazi ena mwa amene anatumizidwa apezeka ndi kachilombo. Musanaike n'komwe foniyo pansi, mtolankhani watumiza kale uthenga wofunsa ngati zimene akumvazo n'zoona. Ngati ntchito yanu ndi yofalitsa nkhani, kapena yosamala ubale ndi maboma ndi mabungwe ena, m'bungwe la zaumoyo la mayiko ambiri, maola otsatirawa ndiwo munalembedwera ntchito. Ndifotokoza tsiku limeneli mwandondomeko, monga momwe limayendera. Zitsanzo zambiri nditenga ku WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, chifukwa zimene bungweli lachita bwino ndi pamene lapunthwa, zonse zinachitikira pamaso pa dziko lonse.

Foni isanalire

Chakudza sichiimba ng'oma, choncho zina zikhale zokonzeka kale. Choyamba, dziwani kuti mukugwira ntchito m'nyumba ya yani. Bungwe la WHO linakhazikitsidwa pa 7 Epulo 1948, likulu lake lili ku Geneva, ndipo lili ndi maofesi 6 a m'zigawo. Ya chigawo cha Africa ili ku Brazzaville. Koma eni ake ndi mayiko, amene nthumwi zawo zimakumana ku Geneva mwezi wa Meyi chaka chilichonse kukamanga mfundo. Bungwe lotere silingalowe m'dziko popanda chilolezo, silingatseke malire, ndipo chiwerengero cha odwala chimene mukufuna kulengezacho mwini wake ndi unduna wa zaumoyo wa dzikolo. Pali malamulo otchedwa International Health Regulations, amene mayiko anavomereza mu 2005 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2007. Malamulowa amati dziko likaunika vuto n'kuona kuti lingakhudze mayiko ena, lidziwitse WHO pasanathe maola 24. Awerengeni nthawi ikadalipo, chifukwa tsiku la mkangano ndi amene adzakupatseni poima.

Konzaninso tizinthu titatu. Nambala za foni za m'manja za mneneri wa unduna, wachiwiri wake ndi akonzi a nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani, pakuti ya pa desiki siyankhidwa Loweruka usiku. Chikalata chachifupi chokhala ndi mipata, choti mudzangodzaza matenda, malo ndi tsiku. Ndi mgwirizano wolembedwa wonena amene amavomereza uthenga usanatuluke, komanso amene amavomereza iyeyo akakhala m'ndege.

Ola loyamba, khalani pansi ndi akatswiri

Musathamangire kulemba. Pitani kwa madokotala ndi olondoloza matenda mutanyamula pepala logawidwa patatu: zimene tikudziwa, zimene sitinadziwebe, zimene tikuchita. Chilichonse chimene anena, funsani kuti "Tadziwa bwanji?" ndiponso "Izi n'za tsiku liti?" Odwala amawerengedwa m'magulu. Pali oganiziridwa chifukwa cha zizindikiro, pali amene zonse zikuwaloza koma labotale sinatsimikize, ndipo pali otsimikizidwa. Musawaphatikize kukhala nambala imodzi, ngakhale wina atakuuzani kuti choncho zimveka bwino. Mawa labotale ikachotsapo ena nambala yanu itsika, anthu n'kuyamba kunena kuti mukubisa maliro.

Gawo lapakati lija, la zosadziwika, ndilo limagwetsa ambiri, ndipo ndichedwapo pang'ono. Pa 14 Januwale 2020 bungwe la WHO linalemba pa Twitter kuti kafukufuku woyamba wa akuluakulu a ku China sanapeze umboni womveka wakuti kachilombo katsopano ka ku Wuhan kamachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Tsiku lomwelo ku Geneva, katswiri wa bungweli Maria Van Kerkhove anauza atolankhani kuti kupatsirana kotere n'kotheka, makamaka m'mabanja. Pa 20 Januwale dziko la China linatsimikiza kuti anthu akupatsiranadi. Zimene zinanenedwa kwa atolankhani zija anthu anaziiwala. Chimene chinatsala m'mitu mwawo ndi mzere umodzi wa pa Twitter uja, ndipo mpaka lero amatumizirana chithunzi chake monga umboni wakuti bungwelo linanamiza dziko.

Mzerewo sunaname. Kungoti wasayansi akati "sitinapeze umboni" amatanthauza kuti tikadafufuza, pamene mayi amene akumvera pa wailesi amamva kuti zimenezo sizichitika. Choncho mawu amenewa asayende okha. Mukati sitinapeze umboni, m'chiganizo chomwecho nenani kuti zikhoza kukhala zikuchitika, nenani zimene mukuyeza kuti mudziwe, ndiponso zimene munthu azichita pamene tikudikira. Mukaona kuti zonsezi sizikukwana pa uthenga waufupi wa pa masamba a mchezo, musazidule kuti zikwane. Lembani zoti munthu achite, n'kuika linki ya chikalata chonse.

Imbirani unduna musanauze wina aliyense

Apa ndi pamene ntchito yofalitsa nkhani imasanduka ya ukazembe. Nduna isamvere pa wailesi za mliri wa m'dziko lake lomwe. Nthawi zambiri boma ndilo limalengeza, bungwe lanu n'kuima pambali pake. Musadabwe mukawapeza akuzengereza, ndipo musafulumire kuwatenga ngati anthu oipa mtima. Pa 24 Novembala 2021 dziko la South Africa linadziwitsa WHO za mtundu watsopano wa kachilombo koyambitsa COVID-19. Pa 26 mtunduwo unapatsidwa dzina lakuti Omicron, ndipo m'masiku ochepa mayiko ambiri anatseka ndege zochokera kum'mwera kwa Africa, ngakhale zinadzadziwika kuti kachilomboko kanali katafika kale m'mayiko ena akutali. Nduna iliyonse ya zaumoyo inaona mphotho imene analandira onena zoona aja. Ikamachita chidodo, ikuganiza za alendo okopa, za malonda, za zimene akanene anzake m'boma. Mantha omwewa ndi amene amachititsa maboma ena kufuna kuti kolera azingotchedwa matenda otsekula m'mimba.

Lowani m'zokambirana mukudziwa kale zimene mungalolere. Wolankhula koyamba, chizindikiro chimene chikhale pamwamba pa chikalata, malo a msonkhano, mawu oyamikira zimene boma lachita kale, zonsezi perekani ndi manja awiri. Koma pa dzina la matenda amene labotale yatsimikiza, pa chiwerengero, ndi pa malangizo opulumutsa moyo, palibe kunenerera. Mfundo imene ndaiona ikufewetsa anthu ouma khosi ndi yakuti nkhaniyo ituluka basi, kaya kudzera mwa namwino kaya mwa m'bale wa malemu, ndipo kuli bwino boma likhale lolengeza kusiyana ndi kugwidwa likubisa. Gwirizanani ola, gwirizanani nambala imodzi, tumiziranani zolemba zisanatuluke. Zikakanika pa msinkhu wanu musakangamire. Ipititseni nkhaniyo msanga kwa mkulu wa ofesi yanu, amene angathe kuimbira nduna.

Sankhani chinthu chimodzi, kenako lembani

Musanagwire cholembera dzifunseni kuti ndani amene mukufuna asinthe zochita, ndipo achite chiyani. "Tikufuna anthu adziwe" sizikukwana. "Aliyense amene anakhudza wodwala aimbe nambala yakuti lero" ndiye poyambira. Chiganizo choyamba chinene chimene chachitika, malo ndi tsiku. Chachiwiri chinene zoti munthu achite. Mbiri ya bungwe ndi maudindo a akuluakulu zipite kumapeto, ngati malo atsala.

Samalani ndi dzina la matenda. Mu 2009 chimfine cha H1N1 chinatchuka monga chimfine cha nkhumba, ndipo boma la Egypt linalamula kuti nkhumba zonse za m'dzikomo, pafupifupi 300,000, ziphedwe, dzikolo lisanapeze wodwala ngakhale mmodzi. Mu 2015 bungwe la WHO linatulutsa malangizo oti matenda atsopano asamatchulidwe ndi dzina la malo, la munthu, la nyama, la mtundu wa anthu kapena la ntchito yawo. Ndiko kunachokera dzina lakuti COVID-19 limene linalengezedwa pa 11 Febuluwale 2020, ndipo mu Novembala 2022 monkeypox inasinthidwa kukhala mpox. Dzina loyamba kumveka ndilo limakanirira m'kamwa mwa anthu. Ngati lovomerezeka lilipo, yambani nalo m'chikalata choyamba. Ngati kulibe, fotokozani zizindikiro zake.

Mawu a muofesi nawo amasocheretsa. Pa 30 Januwale 2020 bungwe la WHO linaliza belu lalikulu koposa limene malamulo a International Health Regulations aja amalola panthawiyo, lolengeza ngozi ya zaumoyo yokhudza mayiko ambiri, lotchedwa mwachidule PHEIC. Ndi ochepa kunja kwa maofesi amene anamva kulemera kwake. Mayiko ambiri anadzidzimuka pa 11 Malichi, mkulu wa bungweli Tedros Adhanom Ghebreyesus atatchula liwu lakuti pandemic, kutanthauza mliri wofalikira dziko lonse lapansi, limene panthawiyo linalibe mphamvu iliyonse m'malamulowo. Pakatipo panadutsa pafupifupi milungu 6. Liwu lililonse la akatswiri liziyenda ndi tanthauzo lake m'mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo tanthauzolo likhale patsogolo.

Zilankhulo zovomerezeka za WHO ndi 6: Chiarabu, Chitchaina, Chingerezi, Chifalansa, Chirasha ndi Chisipanishi. Odwala ambiri amalira ndi kupemphera m'zilankhulo zina. Mukamasulira uthenga, upatseni munthu amene sanaone chikalata choyambacho, makamaka wosagwira ntchito za chipatala. Awerenge, kenako akuuzeni m'mawu akeake zimene akachite akafika kwawo. Akasowa chonena, bwererani mukalembenso.

Chilolezo chisadye tsiku lonse

Pa ofesi ina imene ndinagwirako, tinamaliza chikalata cha ziganizo zosakwana khumi dzuwa lisanalowe. Chinayenda pa imelo kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, aliyense akuwonjezerapo "mwina" wake, mpaka chinakaima kwa bwana amene anali pa msonkhano m'dziko lina. Ndinagona foni ili pamtsamiro. Kukucha, uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri unali utazungulira kale pa WhatsApp: bambo wolankhula modekha, wodzitcha dokotala, akunena kuti odwala akubayidwa jakisoni wowapha kumalo owasungirako. Masana ake anthu awiri amene timawayendera tsiku ndi tsiku chifukwa anakhudza wodwala sanapezeke m'nyumba zawo. Chikalata chathu chinatuluka cholondola bwinobwino, koma chinapeza anthu atamva kale zina. Nkhani imeneyi imandiwawabe.

Ovomereza asapitirire atatu: katswiri wa matendawo, mkulu wa ofesi, ndi unduna ngati chikalatacho n'cha nonse. Aliyense apatsidwe nthawi yeniyeni, "pofika 4 koloko", ndipo auzidwe kuti akonze zolakwika zokha, kalembedwe akusiyireni. Chikalata cha mipata chija chituluke m'ola loyamba kapena lachiwiri, chongonena kuti tamva, tikufufuza limodzi ndi unduna, tilankhulanso nthawi yakuti. Malangizo a WHO a mu 2005 okhudza kalankhulidwe nthawi ya mliri anaika kulengeza msanga pakati pa mfundo zake zisanu, pamodzi ndi kukhulupirika, kusabisa, kumvetsa anthu ndi kukonzekera.

Pamaso pa atolankhani

Mneneri asapite osayeserera. Tsekani chitseko kwa mphindi 15, inu mukhale mtolankhani wovuta koposa. Munadziwa liti? Bwanji munachedwa? Ndalama zija zinapita kuti? Ana apite kusukulu mawa? Kunena kuti "sitikudziwa panopa, tidziwa zotsatira zikabwera Lachinayi" ndi yankho lokwanira. Kunena kuti "sindithirirapo ndemanga" kumasanduka mutu wa nkhani.

Ngozi imabwera chakumapeto, mneneri atatopa, akuyankha funso lowonjezera. Pa 8 Juni 2020 Van Kerkhove yemwe uja, poyankha mtolankhani, ananena kuti zikuoneka kuti n'zosowa kwambiri kuti munthu wopanda zizindikiro apatsire ena. Iye amanena za kafukufuku wochepa amene analipo, koma dziko linamva kuti munthu wosatsokomola alibe vuto. Mawa lake anachita kubwerera kudzalongosola. Uyu ndi katswiri amene anaima pamaso pa atolankhani kambirimbiri, ndiye zikam'gwera iyeyo zingagwere aliyense. Inu khalani chakumbuyo ndi cholembera. Mukamva chiganizo chimene chingadulidwe n'kuyenda chokha, lembani kapepala mum'patsire msonkhano usanathe, akonze pomwepo makamera akadayaka.

Chikalata cha embargo, choperekedwa msanga koma chosaloledwa kufalitsidwa ola lake lisanakwane, chipite kwa atolankhani onse nthawi imodzi, ola lotulutsira litalembedwa pamodzi ndi mzinda umene mukuwerengera nthawiyo. Zoti "izi musalembe" zisiyeni, makamaka foni ya mtolankhani ili patebulo. Nkhope kapena dzina la wodwala zisatuluke popanda chilolezo chake chomveka, ndipo kumbukirani kuti zaka zake, ntchito yake ndi dzina la dera laling'ono zikaphatikizana zimamuulula. Munalonjeza kulankhulanso 10 koloko mawa? Lankhulani, ngakhale chatsopano chikhale chakuti zotsatira sizinabwere.

Tcherani khutu

Uthenga ukatuluka, ntchito yotsatira ndi kumvera. Mu 2003 zigawo zina za kumpoto kwa Nigeria zinaimitsa katemera wa poliyo chifukwa cha mphekesera zakuti muli mankhwala oletsa kubereka. Ku Kano, chimodzi mwa zigawozo, anaimitsa kwa pafupifupi chaka, ndipo matendawo anafalikira m'mayiko ena pafupifupi 20. Kuti katemera ayambirenso mu 2004, panafunika kukambirana ndi atsogoleri a chipembedzo ndi mafumu, kulola akatswiri osankhidwa ndi eni akewo kuti amuyeze, ndi kubweretsa wopangidwa ku Indonesia, dziko limene anthuwo amalikhulupirira. Mu Seputembala 2014, m'mudzi wa Womey ku Guinea, anthu 8 a gulu limene linapita kukaphunzitsa za Ebola anaphedwa, atolankhani ali momwemo. Iwo ananyamula uthenga woona, koma anafika kwa anthu amene anali atakhulupirira kale kuti alendo ndi amene akubweretsa matendawo.

Tsegulani kaundula wa mphekesera: ikuti chiyani, yamveka kuti, ikukula kapena ikuzilala. Kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho musadalire lipoti la pa kompyuta lokha. Muzilankhula nokha ndi anamwino, ndi odzipereka a Red Cross amene amayenda khomo ndi khomo, ndi oulutsa mapulogalamu a pa wailesi amene omvera amaimbirako foni. Si mphekesera iliyonse yofunika yankho. Zina mukaziyankha mumazipatsa miyendo. Yankhani imene ikukula komanso ingachititse munthu kuthawa chipatala, ndipo poyankha yambani ndi choonacho, bodzalo mungolikhudza mwachidule. Fufuzaninso chimene chili pansi pake. Nthawi ya Ebola ija mabanja ena amabisa mitembo chifukwa amalandidwa wokondedwa wawo osatsanzikana naye. Apa chikalata chotsutsa sichikanathandiza. Mu Novembala 2014 bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yoika maliro mosamala komanso mwaulemu, yopatsa banja ndi atsogoleri a chipembedzo mbali yawo. Zimene mwamva kwa anthu muzikazitula kwa amene angasinthe kachitidwe ka ntchito.

Opereka ndalama ndi mabungwe anzanu

Tsiku lomwelo, akazembe ndi opereka thandizo alandire kalata yachidule yochokera kwa inu. Kwa zaka zambiri ndalama zimene mayiko amasonkha mwalamulo zinali zosakwana 20 peresenti ya bajeti ya WHO. Zotsalazo n'zongopereka mwakufuna, ndipo zambiri zimabwera zitamangiriridwa kale pa ntchito imene woperekayo wasankha. Mu 2022 mayiko anagwirizana kukweza zosonkhazo pang'onopang'ono kuti zifike theka la bajeti ya ntchito zazikulu pofika 2030 mpaka 2031. Pamene ndalama zili zopempha chonchi, chiyeso chimabwera chokuza vutolo kwa opereka uku mukulichepetsa kwa anthu. Mapanga awiri avumbwitsa. Kazembe amawerenga nyuzipepala, ndipo kalata yanu kwa iye tsiku lina idzafika kwa mtolankhani. Nambala ikhale imodzi kwa onse.

Kampani ikabwera ndi thandizo n'kupempha kuti chizindikiro chake chikhale pambali pa chanu, musavomere pa foni. Ipititseni kwa oona za malamulo. Kuyambira 2016 bungwe la WHO lili ndi ndondomeko yotchedwa FENSA yoongolera ubale wake ndi amene si maboma, ndipo imaletseratu kugwira ntchito ndi makampani a fodya ndi a zida zankhondo. Mabungwe anzanu, monga UNICEF kapena Africa CDC (bungwe la African Union lolimbana ndi matenda), adziwitseni musanalengeze. Mu Ogasiti 2024 bungwe la Africa CDC linalengeza za ngozi ya mpox pa 13, la WHO pa 14. Pa masiku oyandikana chonchi mtolankhani amaika zikalata ziwirizo patebulo limodzi, ndipo zikasiyana nkhani yake imakhala kusiyanako.

Mukasintha malangizo, ndi mukamatseka

Malangizo adzasintha, chifukwa umboni umabwera pang'onopang'ono. Pa 5 Juni 2020 bungwe la WHO linasintha zimene limanena pa mamasiki, n'kulangiza kuti anthu wamba azivala m'malo amene matenda akufalikira ndipo n'kovuta kutalikirana. Pa kusintha kotere nenani mosapsatira kuti kale timati chiyani, tsopano tikuti chiyani, ndipo chatsopano chimene tadziwa n'chiyani. Ngati munalakwitsa, vomerani ndi mawu omveka. Musafufute uthenga wakale mwakachetechete, madzi akatayika saoleka, ndipo wina anaujambula kale. Uikeni chizindikiro chakuti wasinthidwa, ndi tsiku lake.

Chikalata chotsekera chilembedwe mosamala ngati choyamba. Mliri wa Ebola amati watha pakadutsa masiku 42 popanda wodwala watsopano, kuwirikiza kawiri masiku 21 amene kachilomboko kangabisale m'thupi zizindikiro zisanaoneke. Pa 14 Januwale 2016 bungwe la WHO linalengeza kuti mliri watha ku Liberia ndipo njira zonse zodziwika zopatsirana kumadzulo kwa Africa zaduka, koma linachenjezanso kuti matendawo akhoza kutulukiranso apa ndi apo. Pasanathe tsiku, ku Sierra Leone anatsimikiza kuti munthu wina wamwalira ndi Ebola. Chenjezo lija ndilo linachititsa kuti chilengezocho chisaoneke ngati bodza. Chanu nachonso chinene kuti masiku awerengedwa kuchokera liti, kuti matenda akhoza kubwerera, ndi zizindikiro zoti anthu azionetsetsabe. Thokozani ogwira ntchito za chipatala ndi anthu a m'madera musanathokoze mabungwe. Nambala yoimbira ija ikhalebe pansi pa chikalatacho, ndipo muiimbe nokha musanatumize, muone ngati pali woyankha.